Pasipoti Imatha Mphamvu Deti Lake Likalibe Kukwana: Mbiri ya Lamulo la Miyezi 6 pa Maulendo a Pamadzi

Tsegulani pasipoti yanu pa peji la cithunzi. Pali madeti awiri ofunika: tsiku limene inatuluka ndi tsiku limene idzatha mphamvu. Ambiri a ife timakhulupirira deti laciwirili monga mmene timakhulupirira deti la pa paketi ya mkaka, kuti ngati likalibe kukwana ndiye kuti zonse zili cabe bwino. Koma pa doko la Durban, Cape Town, Barcelona kapena Miami, munthu wa pa desiki sawerenga tero. Iye amayang'ana tsiku limene sitima idzabwerera, n'kuonjezapo miyezi 6. Ngati deti la m'pasipoti yanu lagwera mkati mwa miyezi imeneyo, sitima imapita inu mutatsala, ndipo nthawi zambiri ndalama za tikiti sizibwezedwa.

Nkhaniyi si ya anthu a m'mbali mwa nyanja okha. Zambia ilibe doko la kunyanja yamcere, koma masiku ano kuli acinyamata amene akusunga ndalama za cilimba kuti akacite chuthi ca pambuyo pa ukwati pa sitima yocokera ku Durban. Kulinso ena amene akufunafuna nchito ya kukhichini, ya uweita kapena ya kuyeretsa zipinda pa sitima zikuluzikulu. Onsewa adzakumana ndi lamulo limodzimodzi. Kodi linacokera kuti? N'cifukwa ciani cikalata cimene boma lanu lanena kuti n'camoyo, kampani ya sitima imaciona ngati cakufa? Yankho lili m'mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo inacitikira pa madoko.

Pamene sitima sizinali kufunsa mapepala

Ulendo wa cruise, kutanthauza kukwera sitima ya pamadzi kuti ungoyenda ndi kuona maiko osati kusamuka, ndi wakale kuposa pasipoti imene tikuidziwa lero. Mu 1844 kampani ya ku Britain ya P&O, imene nchito yake yaikulu inali kunyamula makalata, inayamba kugulitsa matikiti ozungulira nyanja ya Mediterranean, kudzera ku Gibraltar, Malta ndi Athens mpaka ku Egypt.

Amene anaikulitsa bizinesiyi ndi Albert Ballin wa kampani ya Hamburg America Line ku Germany. Iye anali ndi vuto. M'nyengo yozizira anthu ooloka nyanja ya Atlantic anali kucepa ngako, ndipo sitima zake zinali kungokhala pa doko kudya ndalama. Mu January 1891 anatumiza sitima ya Augusta Victoria ku Mediterranean ndi alendo oposa 200, ulendo wa pafupifupi miyezi 2 wongosangalala. Zinayenda bwino kwambiri, cakuti mu 1900 anapangitsa Prinzessin Victoria Luise, sitima yoyamba kupangidwira maulendo a cisangalalo okhaokha. Siinakhalitse. Inagunda miyala pafupi ndi Kingston ku Jamaica mu December 1906.

M'zaka zimenezo mzungu wa ndalama anali kuyenda mbali yaikulu ya kumadzulo kwa Ulaya popanda pasipoti. Sitima za panjanji zinali zitaculukitsa apaulendo cakuti maboma ambiri anatopa ndi kufufuza aliyense, ndipo kuyambira m'ma 1860 France ndi maiko ena anafewetsa malamulo. Russia ndi ufumu wa Ottoman ndiwo anapitiriza kuumirira mapepala.

Koma ufulu umenewu sunali wa onse, ndipo doko la Durban lomweli ndilo mboni. Mu December 1896 sitima ziwiri, Courland ndi Naderi, zinafika kumeneko kucokera ku India ndi anthu mazanamazana. Mmodzi wa iwo anali loya wacinyamata, Mohandas Gandhi. Akuluakulu a doko anaziimitsa pamadzi milungu yoposa 3, ati cifukwa ku Bombay kunali mliri, pamene kumtunda azungu anali kucita misonkhano yokana amwenye. Gandhi atatsika pa 13 January 1897, gulu la anthu linamumenya mumseu. Caka comweco boma la Natal linakhazikitsa lamulo lakuti wobwera azilemba fomu m'cinenero ca ku Ulaya, njira yochingira anthu osawafuna popanda kuchula mtundu wao. Kuno kwathu nakonso, m'nthawi ya Northern Rhodesia, munthu wakuda anali kuyenda ndi citupa m'dziko lake lomwe, ndiye cifukwa cake kutentha zitupa kunali mbali ya Cha Cha Cha mu 1961. Mapepala oyendera sanabwere pa anthu onse tsiku limodzi. Anayambira pa osauka ndi olamulidwa, kenako nkhondo inawafikitsa kwa aliyense.

Nkhondo inabweretsa cithunzi ndi deti

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, maboma anacita mantha ndi akazitape ndi anyamata othawa usilikali. Malire anatsekedwa. Mu 1915 Britain inatulutsa pasipoti yatsopano: pepala limodzi lalikulu lopindidwa, lokhala ndi cithunzi ca mwiniwake ndi mau ofotokoza mphumi, mphuno ndi maso ake. Inali kugwira nchito zaka 2. Anthu anauzidwa kuti ndi zakanthawi, za nkhondo cabe.

Nkhondo inatha mu 1918 koma mapasipoti sanathe. Dziko lililonse linali ndi mtundu wake, ndipo ogwira nchito pamalire anali kusokonezeka ndi mapepala osiyana kukula ndi zinenero. Conco mu October 1920 bungwe la League of Nations linaitanitsa msonkhano ku Paris. Kumeneko anagwirizana kuti pasipoti ikhale kabuku ka mapeji 32, kutalika masentimita 15.5 ndi m'lifupi 10.5, kolembedwa m'cinenero ca dzikolo ndi m'Cifalansa, ndipo kazigwira nchito pa ulendo umodzi kapena kwa zaka 2. Mukapita ku ofesi ya mapasipoti lero n'kufunsidwa ngati mukufuna ya mapeji 32 kapena ya 48, dziwani kuti 32 ija inacokera pa tebulo la ku Paris.

N'cifukwa ciani anaika deti lothera? Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Nkhope imasintha, ndipo cithunzi cakale sicithandiza mlonda wa pamalire. Unzika nawo umasintha, makamaka nthawi imeneyo pamene maufumu a Austria-Hungary, Russia ndi Ottoman anali atagwa ndipo mamiliyoni a anthu anadzuka ali m'maiko a maina atsopano. Cacikulu n'cakuti pasipoti ndi lonjezo la boma lakuti munthu uyu ndi wathu ndipo tidzamulandira akabwerera. Deti limaonetsa polekezera lonjezolo. Anthu amene analibe boma lowalonjeza, monga othawa ku Russia, anapatsidwa cikalata ca Nansen kuyambira 1922, dzina locokera kwa Fridtjof Nansen wa ku Norway, ndipo cinali kugwira nchito caka cimodzi cokha.

Maulendo a pamadzi anakula pamodzi ndi malamulowa. Mu November 1922 sitima ya Cunard yochedwa Laconia inanyamuka ku New York kukazungulira dziko lonse, masiku 130, madoko 22. Ganizirani pasipoti ya zaka 2 pa ulendo wa miyezi yoposa 4, ndi akuluakulu a madoko 22 aliyense ndi cidindo cake. Apa m'pamene vuto lathu la lero linayamba kuoneka: pepala lingakhale lamoyo tsiku lokwera koma n'kufera panjira.

Mmene kampani ya sitima inasandukira mlonda

Ambiri amadabwa kuti amene amawabweza pa doko si wapolisi kapena wa imigireshoni, koma wanchito wa kampani imene anailipira ndalama. Cizolowezici cinayambira ku America. Lamulo la 1891 linanena kuti munthu akakanidwa kulowa m'dzikolo, kampani ya sitima imene yamubweretsa iyenera kumubweza ndi ndalama zake. Makampani atamva kuwawa m'thumba, anayamba kusefa anthu asanakwere. Ku Hamburg, Ballin yemwe uja anamangitsa nyumba zazikulu mu 1901 zimene osamuka anali kupimidwiramo ndi kufufuzidwa mapepala sitima ikalibe kunyamuka. Malire a America anakhala ngati asamukira ku doko la Germany.

Maboma ena anatengera nzeru yomweyi. Mu 1987 Britain inaika faindi ya £1,000 pa munthu aliyense amene kampani ya ndeke kapena ya sitima yamubweretsa alibe mapepala oyenera, ndipo mu 1991 inakwera kufika £2,000. Manje ikani sitima ya masiku ano m'malo mwake. Icon of the Seas, imene inayamba maulendo mu January 2024, inganyamule alendo 7,600. Sitima yotere imaima pa doko maola ocepa cabe, ndipo mndandanda wa onse ali m'kati umatumizidwa kwa akuluakulu a doko ikalibe kufika. Munthu mmodzi wa mapepala olakwika angacedwetse anthu masauzande kutsika. Ndiye cifukwa cake kampani siiyang'ana dziko lofewa pa ulendowo. Imayang'ana lamulo lolimba kuposa onse n'kuliika pa aliyense. Ndipo kunena kuti "ine sindidzatsika pa doko limenelo" nthawi zambiri sikuthandiza, pakuti sitima ikalowa m'madzi a dziko, inunso mwalowa.

Sitima imene inasowa kotsitsa anthu

Pali ulendo umodzi umene umaonetsa kulemera kwa nkhaniyi kuposa ina yonse. St. Louis inali sitima ya Hamburg America Line imene inali kunyamulanso alendo a cisangalalo. Pa 13 May 1939 inanyamuka ku Hamburg kupita ku Havana, Cuba, ndi anthu 937, pafupifupi onse Ayuda othawa boma la Hitler. Kuyambira October 1938 mapasipoti a Ayuda a ku Germany anali kudindidwa cilembo cofiira ca J. Anthuwa anali atagula zilolezo zotsikira ku Cuba, ambiri atagulitsa katundu wao wotsala.

Cimene ambiri a iwo sanadziwe n'cakuti kutatsala pafupifupi mlungu kuti anyamuke, pulezidenti wa Cuba, Federico Laredo Brú, anali atasaina lamulo lofafaniza zilolezo za mtundu umenewo. Sitima inafika pa 27 May. Anthu 28 okha ndiwo analoledwa kulowa. Kaputeni Gustav Schröder anayendetsa sitima kufupi ndi Florida mpaka anthu anali kuona magetsi a Miami, koma America inakana, Canada nayonso inakana. Pa 17 June anafika ku Antwerp. Britain, France, Belgium ndi Netherlands anagawana anthuwo, ndipo nkhondo itafika ku maiko atatu omalizawa, 254 mwa iwo anaphedwa.

Palibe amene angayerekeze chuthi cotayika ndi tsoka lotere. Koma mfundo ya lamulo imene inagwira nchito pa St. Louis ikalipo mpaka lero: mphamvu ya pepala lanu siiweruzidwa ndi amene analipereka, kapena tsiku limene munalipira. Imaweruzidwa ndi dziko limene mukufikako, pa tsiku limene mwafika.

Kumene miyezi 6 inacokera

Palibe pangano limodzi la maiko onse limene linakhazikitsa miyezi 6. Dziko lililonse limaika lake. Limodzi mwa malamulo odziwika bwino ndi la America la 1952, Immigration and Nationality Act, limene limafuna kuti mlendo akhale ndi pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kupitirira nthawi imene waloledwa kukhala, kuti athe kubwerera kwao. America imacotsera lamuloli maiko amene anavomera kuti adzalandira nzika zao ngakhale pasipoti itatha. Izi zikuonetsa poyera colinga cake. Dziko lolandira alendo limaopa kutsala ndi munthu amene wadwala, wamangidwa kapena wapitiriza masiku, ndiyeno pomubweza n'kupeza kuti alibe pepala lokwerera ndeke. Miyezi 6 ndi mpata wosungira zangozi.

Pa nthawi yomweyi maulendo a pamadzi anali kusintha. Mu 1958 ndeke za jeti zinayamba kuoloka Atlantic, ndipo sitima zinayamba kutaya apaulendo. Anthu a kuno amene anali kupita ku Britain pokwera sitima ya panjanji mpaka Cape Town, kenako ya pamadzi ya Union-Castle mpaka Southampton, nawonso anasamukira ku ndeke, ndipo maulendo a makalata a Union-Castle anatha mu 1977. Makampani otsala anatembenukira ku cisangalalo. Carnival inayamba ku Miami mu 1972 ndi sitima imodzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu: ulendo wakale unali wa dziko limodzi kupita ku lina, pamene cruise ingakhudze maiko anai kapena asanu m'mlungu umodzi, lililonse ndi lamulo lake.

Mapasipoti nawo anatalika moyo. Britain inafika pa zaka 10 mu 1968. Bungwe la ICAO, loyang'anira za ndeke, linatulutsa muyezo wa pasipoti yowerengedwa ndi makina mu 1980, mizere iwiri ija ya zilembo ndi manambala pansi pa cithunzi canu, ndipo linaika 24 November 2015 kukhala tsiku lomaliza la mapasipoti osawerengeka ndi makina. Kale mlonda wacifundo akanatha kuphonya deti kapena kulinyalanyaza. Kompyuta siiphonya.

Maiko a Schengen ku Ulaya ali ndi mawerengedwe ao. Kuyambira 2013 amafuna zinthu ziwiri: pasipoti itsale ndi miyezi 3 pambuyo pa tsiku lotuluka, ndipo ikhale kuti inatulutsidwa m'zaka 10 zapitazi. Mfundo yaciwiriyi inagwira anthu a ku Britain mosayembekezera. Mpaka September 2018, munthu akatenga pasipoti yatsopano yakale ikalibe kutha, boma lao linali kumuonjezera miyezi yotsalayo, mpaka 9. Britain ili mu European Union zimenezi zinalibe kanthu. Kuyambira January 2021 anthuwa anasanduka alendo wamba, ndipo ena anabwezedwa pa madoko ndi pa mabwalo a ndeke atanyamula mapasipoti amene deti lake linali likalibe kukwana. Ngati zinacitikira eni pasipoti yolimba conco, ife a kabuku kobiriwira tisamagone.

Cenjerani ndi malangizo a ku America

Pa YouTube ndi TikTok mudzapeza anthu akukamba kuti cruise siifuna pasipoti. Sakunama, koma sakukamba ndi inu. Pambuyo pa zigawenga za 11 September 2001, America inalimbitsa malire ake, ndipo kuyambira 1 June 2009 nzika zake zobwerera pamtunda kapena pamadzi zinayamba kufunsidwa pasipoti kapena cikalata cofanana nayo. Koma anasiya khomo limodzi: nzika ya America imene ulendo wake wayambira ndi kuthera pa doko limodzimodzi la America, mwacitsanzo Miami kupita ku Bahamas n'kubwerera ku Miami, ingayende ndi setifiketi yobadwira ndi citupa ca boma cokhala ndi cithunzi. Khomo limeneli ndi la nzika za America. Mzambia wokwera sitima yomweyo amafunika pasipoti ndi viza ya America yolola kulowa kangapo, cifukwa kubwerera ku Miami ndi kulowanso m'dziko.

Madzi a kufupi ndi kwathu

Sitima ya maiko awiri imene Zambia imaidziwa bwino ndi MV Liemba ya pa nyanja ya Tanganyika. Inapangidwa mu 1913 ku Papenburg, Germany, ndi dzina la Goetzen. Inatumizidwa m'mabokosi masauzande mpaka Dar es Salaam, kenako pa njanji mpaka Kigoma kumene anailumikiza n'kuiika pamadzi mu 1915. Ajeremani anaimiza dala mu 1916 pothawa, Angelezi anaivuula, ndipo mu 1927 inayambanso nchito ndi dzina la Liemba. Kwa zaka makumi ambiri inali kulumikiza Kigoma ndi Mpulungu, ndipo wokwera pa Mpulungu anali kudinditsa pasipoti monga pamalire ena alionse. Cocititsa cidwi n'cakuti kampani imene inaipanga, Meyer Werft, lero ndi imodzi mwa makampani ochuka opanga sitima zikuluzikulu za cruise.

Kwa ambiri a ife khomo la kunyanja yamcere ndi Durban, kumene malo atsopano okwerera sitima, ochedwa dzina la Nelson Mandela, anatsegulidwa mu November 2023. Nyengo yake ndi ya dzinja lathu, kuyambira ca m'November mpaka ca m'April. Maulendo aafupi amapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene, konse ku Mozambique. Ataliatali amafika ku Mauritius ndi Réunion, ndipo ocokera ku Cape Town amapita ku Walvis Bay ku Namibia.

Apa m'pamene msampha ulili. South Africa imafuna kuti pasipoti itsale ndi masiku 30 cabe pambuyo pa ulendo wanu, ndiponso ikhale ndi mapeji opanda cidindo. Conco mungakwere basi pa Intercity, kuoloka malire onse bwinobwino, kufika ku Durban muli ndi cidindo ca South Africa, n'kukanidwa pa khomo la sitima cifukwa Mozambique ndi Namibia zimafuna miyezi 6. Malire amene mwaoloka sakutsimikizira za malire amene ali kutsogolo. Réunion nayo ili ndi msampha wake. Ili pafupi ndi Mauritius, kumene Mzambia safuna viza, koma ndi gawo la France, ndipo ili kunja kwa Schengen. Imafuna viza yakeyake, imene muyenera kuipempha mukalibe kunyamuka.

Mapeji nawo amatha msanga kuposa zaka. Amene amacita malonda a ku Nakonde, Chirundu kapena Kazungula amadziwa kuti kabuku ka mapeji 32 kangadzaze zidindo m'zaka zocepa. Pasipoti yotsala ndi zaka 6 koma yopanda peji loyera ndi yakufa pa doko.

Caka cimene cinaonetsa nchito ya mpata uja

Amene anali kuona lamulo la miyezi 6 ngati kuvutitsa anthu cabe anaphunzira mu 2020. Mu February sitima ya Diamond Princess inatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anapezeka ndi COVID-19. Mwezi wotsatira madoko anayamba kutsekedwa paliponse. Alendo ambiri anabwerera kwao m'milungu yocepa, koma ogwira nchito anatsala pamadzi miyezi. Pofika September 2020 bungwe la IMO, loona za maulendo a panyanja, linanena kuti amalinyero pafupifupi 400,000 pa sitima za mitundu yonse anali atapitiriza makontrakiti ao osatha kubwerera kwao. Amene pasipoti yake inali pafupi kutha anali ndi vuto lina pamwamba pa limeneli.

Ngakhale popanda mliri, zangozi sizisowa. Munthu akadwala kwambiri pa sitima amatsitsidwa pa doko lapafupi. Wocedwa kubwera kucokera kumsika amapeza sitima yapita, pakuti siiyembekeza munthu. Onsewa amafunika kukwera ndeke kucokera m'dziko limene sanakonzekere kugonamo, mwina limene mulibe ofesi ya kazembe wa Zambia.

Malire atatsegulidwa kunabwera vuto lina. Anthu mamiliyoni amene mapasipoti ao anatha ali m'nyumba anathamangira ku maofesi nthawi imodzi. Britain inauza nzika zake kuti ziyembekezere mpaka milungu 10. Ku America mu 2023 pasipoti inali kutenga milungu 10 mpaka 13. Maiko olemera amenewa anacedwa conco, ndiye nzeru ndi kusadalira kuti ofesi iliyonse idzathamanga cifukwa inu mwagula kale tikiti.

Mawerengedwe ake

Pasipoti ya Zambia imagwira nchito zaka 10 kwa munthu wa zaka 16 kupita m'mwamba, ndi zaka 5 kwa mwana. Pa ulendo wa pamadzi, cotsanipo miyezi 6. Zenizeni ndi zaka 9 ndi hafu kwa wamkulu, 4 ndi hafu kwa mwana. Makolo ambiri amagwa apa, cifukwa anatenga mapasipoti a banja lonse tsiku limodzi ndipo amaiwala kuti ya mwana imatha pakati pa njira.

Werengani kucokera pa tsiku lobwerera, osati lonyamuka. Tinene kuti pasipoti yanu idzatha pa 20 May 2027, ndipo sitima idzabwerera ku Durban pa 10 January 2027. Kuonjeza miyezi 6 kukufikitsani pa 10 July 2027. Pasipoti yanu yaperewera ndi milungu 7, ngakhale kuti tsiku lokwera idzaoneka yamoyo. Ulendo womaliza umene ingakuyendetseni uyenera kutha pofika 20 November 2026.

Ndiye nthawi yabwino yoyamba kukonza yatsopano ndi pamene yakale yatsala ndi caka cimodzi, ndipo isafike pa miyezi 9 muli cikhalire. Mpata umenewo ndi wa miyezi 6 ya lamulo, nthawi yoyembekeza ku ofesi, ndi nthawi ya viza, pakuti ofesi ya kazembe imasunga pasipoti yanu pamene ikuona pempho lanu ndipo simungapemphe viza ndi kabuku kamene kakalibe kutuluka. Pasipoti yatsopano imabwera ndi nambala yatsopano. Ngati munalembetsa ulendo ndi yakale, uzani kampani isinthe. Ngati m'yakale muli viza imene ikali yamoyo, funsani ofesi ya kazembe wa dzikolo ngati mungayende ndi mabuku onse awiri. Onaninso kuti dzina la pa tikiti likufanana cilembo ndi cilembo ndi la m'pasipoti. Reji yanu kapena setifiketi ya ukwati sizidzakuombolani pa desiki.

Kwa ofuna nchito pa sitima, mawerengedwe ndi olimba kuposa apa. Kontrakiti imakhala ya miyezi 6 mpaka 9, ndipo kampani imafuna kuti pasipoti ipitirire mapeto a kontrakiti. Pamwamba pake pali maphunziro a citetezo a STCW, kupimidwa kwa dokotala, kabuku ka amalinyero, ndi viza ya C1/D ngati sitima imafika ku America. Zonsezi zimalembedwa pa pasipoti imene muli nayo, conco kuyamba ndi yotsala ndi caka cimodzi ndi kudzipangira nchito yobwereza. Ndipo munthu aliyense wokulonjezani nchito ya pa sitima amene akufuna kusunga pasipoti yanu mpaka mutamulipira, mukaneni. Kabukuko ndi katundu wa boma la Zambia, si cikole.

Comaliza, malamulo amenewa amasintha, monga anaonera a ku Britain mu 2021. Musanalipire dipoziti, lembani pa pepala madoko onse a ulendowo, funsani kampani ya sitima zimene imafuna kwa munthu wa pasipoti ya Zambia, ndipo yankho lao likhale lolembedwa. Mukatero, bwererani pa peji la cithunzi, cotsani miyezi 6 pa deti lothera, ndipo tsiku limene mwapezalo mulisunge m'foni yanu.